Asilikali a m'thupi amapha bwanji selo lodwala?

Lachitatu lapitali ndimaphunzitsa Fomu 3 za magetsi. Kunali kutentha kwa mu Okutobala kuja, phiri la Malosa likuoneka mwachimbuuzi chifukwa cha utsi, ndipo theka la kalasi linali kuwodzera. Pofuna kuwadzutsa ndinati, "Mukudziwa kuti selo lililonse m'thupi mwanumo lili ngati kabatire?" Anaseka, tinapitiriza. Belu litalira, mtsikana wina anatsalira.

"Aphunzitsi, ndingafunse zosakhudza fizikisi?"

"Funsa."

"Mayi anga aang'ono awapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero. Kuchipatala anati imayamba ndi kachirombo. Nanga asilikali a m'thupi timamva aja anali kuti?"

Ndinamuyankha, koma ine ndemwe ndinaona kuti yankholo linali loperewera. Ndiye ndakhala masiku angapo ndikuwerenga komanso kuvutitsa mnzanga wa bayoloje mu stafu. Zimene ndikulemba panozi ndi yankho lake, ndipo iye wavomera kuti ndigawane nanu popanda kutchula dzina. Chandidabwitsa n'chakuti m'nkhaniyi muli fizikisi yambiri ndithu.

Mdani akabisala m'nyumba

Mukadzitema ndi chikwanje, mabakiteriya olowa pabalapo ambiri amakhala kunja kwa maselo. Amenewo thupi limawapeza msanga. Maselo oyera a m'magazi amawameza, ndipo mafinya mumawaona aja ndi mitembo ya pankhondoyo. Ma antibody nawo amamatirira pa tizirombo tomwe tikuyandama m'magazi.

Vairasi ndi nkhani ina. Payokha singaberekane. Imalowa m'kati mwa selo lanu n'kulisandutsa fakitale yopanga mavairasi ena. Ikalowa m'katimo, antibody saifikira. Khansa ndiye imavuta koposa, chifukwa palibe mlendo walowa: ndi selo lanu lomwe lasokonekera n'kuyamba kugawikana mosalekeza.

Amene muli ndi nthochi kwanu mukudziwa matenda a chisaka. Nawonso ndi a vairasi, ndipo palibe mankhwala opopera ochiritsa nthochi yomwe yagwidwa. Alangizi a zaulimi amati zulani phata lonse kuti zinzake zipulumuke. Thupi limachita zomwezo. Lili ndi asilikali amene ntchito yawo ndi kupeza selo lodwala pakati pa anzake abwinobwino n'kulipha lokhalo. Alipo magulu awiri akuluakulu: maselo a T okhala ndi chizindikiro cha CD8, ndi maselo a NK.

Za CD4 nonse munamvapo. A CD8 ndi abale awo. Onse amabadwira m'kati mwa mafupa n'kupita kukaphunzira mu thymus, kachiwalo kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuwa. Mayeso a kumeneko ndi ovuta kuposa a MSCE. Amene satha kuzindikira chilichonse amafa, amene amalusira thupi lomwe lawabala amaphedwanso, moti oposa 9 pa 10 alionse satuluka amoyo.

Windo la selo

Funso loyamba ndi ili: msilikali ali kunja, adziwa bwanji zimene zikuchitika m'kati mwa selo?

Ganizirani golosale ya pa Domasi pano. Simufunika kulowa kuti mudziwe zimene akugulitsa, chifukwa mwini wake waika sopo mmodzi, paketi ya shuga ndi botolo la mafuta pawindo. Selo limachitanso choncho. Nthawi zonse limagaya ena mwa mapuloteni ake m'kachigayo kotchedwa proteasome. Tizidutswa totulukamo, totalika ma amino acid 8 mpaka 10, timanyamulidwa n'kukaikidwa pakhungu la selo, titagwiridwa ndi puloteni yotchedwa MHC class I. Mwa anthu imatchedwanso HLA. Pafupifupi selo lililonse lokhala ndi nyukiliyasi lili ndi mawindo amenewa ambirimbiri.

Selo likakhala bwino, pawindo pamaoneka katundu wa m'nyumba yekhayekha, ndipo msilikali amangodutsa. Koma vairasi ikalowa, selo limayamba kupanga mapuloteni a vairasiyo, nawonso amagayidwa, tizidutswa take n'kufika pawindo. Selo ladziulula lokha. Selo la khansa nalo limatha kuonetsa tizidutswa tachilendo tochokera ku mapuloteni amene asintha.

Anatulukira zimenezi ndi Peter Doherty ndi Rolf Zinkernagel mu 1974, akugwira ntchito ndi mbewa za mu labotale ku Canberra, m'dziko la Australia. Anaona kuti maselo a T amapha selo lodwala pokhapokha akaona kachidutswa ka vairasi pamodzi ndi MHC ya thupi lawo lomwe. Analandira mphoto ya Nobel mu 1996.

Msilikali aliyense wa CD8 amadziwa mtundu umodzi wokha wa kachidutswa, ngati kiyi wa loko mmodzi. Ndiye vairasi yatsopano ikabwera, odziwa nkhope yake amakhala ochepa kwambiri. Maselo ena otchedwa dendritic amatola zidutswa za mdaniyo n'kupita nazo ku timisasa ta asilikali timene tili m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Kumeneko msilikali woyenerayo akapezeka amayamba kugawikana. Mwanabere amene amakutupani mukakhala ndi chilonda kuphazi uja ndi msasa wotere utadzaza.

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti selo likugawikana pa maola 8 alionse. Pa tsiku ndi katatu, pa masiku 5 ndi ka 15. Mukachulukitsa 2 ka 15 mupeza 32,768. Kuchoka pa msilikali mmodzi! N'chifukwa chake matenda ambiri a vairasi amatenga sabata kapena kuposerapo kuti ayambe kutha: gulu limakhala likumangidwa. Nkhondo ikatha ambiri amafa, koma ena amatsala zaka zambiri akukumbukira mdaniyo.

Kupha mokumbatira

Msilikali akapeza selo loonetsa kachidutswa kake, saponya chida ali patali. Amalikumbatira. Makungu awiri aja amagundana, mapuloteni omata n'kupanga mkombero ngati nkhata, ndipo pakati pa nkhatayo pamatsala kampata kotsekeka. Pamene agwiranapo, mtunda wa pakati pawo ndi pafupifupi ma nanomita 15. Nanomita ndi mita imodzi mutaigawa ka biliyoni. Tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi ma nanomita masauzande makumi angapo. Kenako msilikali amakokera timatumba take ta poizoni kumbali imene kuli mdaniyo n'kutikhuthulira m'kampata kaja.

Bwanji osangothira poizoniyo m'magazi? Apa ndi pamene fizikisi ikulowa. Mukukumbukira diffusion, ija tinayesa ndi kadontho ka inki m'madzi? Nthawi imene kanthu kamatenga kuti kafalikire mtunda x imayenda motere: t = x² ÷ 2D. Kwa puloteni yaing'ono m'madzi, D ili cha pa 10⁻¹⁰ m²/s. Ikanimo ma nanomita 15, mupeza pafupifupi sekondi imodzi mutaigawa ka miliyoni. Tsopano ikanimo milimita imodzi yokha: masekondi 5,000, kuposa ola lathunthu. Mtunda ukawirikiza kawiri nthawi imawirikiza kanayi, ndipo poizoniyo amasungunuka n'kufalikira mbali zonse, kukhudza maselo osalakwa. Kukumbatira kuja kumathetsa mavuto onse awiri. Poizoni amafika msanga ali wamphamvu, ndipo selo loyandikana nalo silikhudzidwa.

Kuboola khungu

M'timatumba tija muli zida ziwiri. Choyamba ndi perforin, chibowolero.

Tibwerere ku kabatire kanga kaja. Khungu la selo ndi lopangidwa ndi mafuta, ndipo mafuta salola ma ion kudutsa mwachisawawa. Kuchindikala kwake ndi ma nanomita 5 mpaka 7 basi. Pakati pa m'kati ndi kunja pamakhala potential difference ya ma millivolt makumi angapo, ndipo m'maselo a minyewa yotumiza uthenga imafika cha pa 70. Gwiritsani ntchito E = V ÷ d. Mukagawa 0.07 V ndi ma nanomita 7 mupeza mavoti 10 miliyoni pa mita. Mpweya wouma umayamba kuthetheka pa mavoti 3 miliyoni pa mita. Eya, kakhungu kosaoneka ndi maso kameneka kamapirira electric field yoposa pamenepo, usana ndi usiku. Komanso calcium amene ali kunja kwa selo ndi wochuluka pafupifupi ka 10,000 kuposa amene akuyandama m'kati. Moyo wa selo wagona pa kusunga kusiyana kumeneku.

Perforin ikakhala m'katumba mwa msilikali imakhala phee, chifukwa m'menemo muli asidi woigoneka. Ikatuluka n'kukumana ndi calcium wa kunja uja imadzuka n'kumatirira pakhungu la selo lodwala. Mamolekyu ake pafupifupi 20 amalumikizana mozungulira, ngati mmene timayalira njerwa pomanga chitsime, kenako n'kuzika miyendo m'khungumo. Pamatsala bowo la ma nanomita opitirira 10 m'mimba mwake. Calcium amakhamukira m'kati, ndipo selo limathamangira kumata bowolo. Nthawi zambiri limamatadi, koma mochedwa. Chida chachiwiri chimakhala chitalowa kale.

Selo lidzigwetsa lokha

Chida chachiwiricho ndi ma granzyme, ma enzyme odula mapuloteni ngati sizasi. Chosangalatsa n'chakuti sachita kuphwanya selo lonse okha. Selo lililonse limabadwa ndi zida zodzigwetsera, zotchedwa caspase, zimene zimakhala zokhoma. Granzyme B imangodula loko wake. Imadulanso puloteni ina imene imakabowola mitochondria, malo opangira mphamvu aja, ndipo zotuluka m'menemo zimadzutsa ma caspase enanso.

Zikatero selo limayamba kudzimasula mwadongosolo. Limanyala, DNA yake imadulidwa tizidutswa, nthawi zambiri pamodzi ndi ya vairasi, ndipo thupi lake limagawika timatumba tomangidwa bwino. Pakhungu pamatuluka chizindikiro choitana maselo akuluakulu omeza zinyalala, otchedwa macrophage, kuti adzatole. Imfa yotereyi imatchedwa apoptosis, dzina limene John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie anaipatsa mu 1972.

Kusiyana kwake kuli ngati kwa nyumba yogwa ndi mvula yamkuntho ndi nyumba imene mwini wake waphwasula yekha, malata pawokha, mitengo payokha. Selo likangophulika, za m'kati mwake zimamwazika, malowo amatupa, ndipo mavairasi amene anali okonzeka amathawira kwa anzake. Likadzimasula lokha, zonse zimatoledwa zili m'matumba.

Pali njira inanso yosafuna kuboola. Maselo ambiri ali ndi kabatani pakhungu kotchedwa Fas. Msilikali ali ndi puloteni yokanikiza kabataniko, ndipo kakakanikizidwa ma caspase omwe aja amadzuka. Ntchito ikatha msilikali amamasuka ali bwinobwino n'kupita pa selo lina. Mmodzi amatha kupha angapo motsatizana.

Wotseka windo akumana ndi NK

Mwina mwaganiza kale zimene vairasi yochenjera ingachite: kutseka windo. Zoona, ambiri amatero. HIV ili ndi puloteni yotchedwa Nef imene imachotsa mitundu ina ya HLA pakhungu la selo. HPV nayo imachepetsa mawindo, ndipo maselo ambiri a khansa amachita zomwezo. Windo likatsekedwa, wa CD8 amadutsa osaona kanthu.

Apa ndi pamene maselo a NK amagwira ntchito. Anawatulukira mu 1975 Rolf Kiessling, Eva Klein ndi Hans Wigzell ku Stockholm, komanso Ronald Herberman ku America. Iwowa safuna sabata yokonzekera, ndipo safunsa kuti pawindo pali chiyani. Amafunsa kuti windolo lilipo? Zili ngati pa rodibuloko: wa CD8 amasecha katundu, wa NK amafunsa chiphaso. Amene anafotokoza ganizo limeneli m'zaka za m'ma 1980 ndi Klas Kärre wa ku Sweden.

Kunena zoona, NK amayeza zinthu ziwiri ngati pa sikelo. Mbali imodzi kuli MHC, imene imamuuza kuti "ndine wanu, ndisiyeni". Mbali ina kuli zizindikiro zimene selo limatulutsa likapanikizika ndi vairasi kapena DNA yake ikawonongeka. Sikelo ikapendekera ku mbali yachiwiriyi, NK amakumbatira n'kutulutsa perforin ndi granzyme omwe aja. N'chifukwa chake maselo ofiira a m'magazi, amene alibe mawindowa kwenikweni, saphedwa: alibenso zizindikiro zoitana. NK amaphanso selo limene ma antibody alimatirira. Ndiye vairasi ili pakati pa moto uwiri. Ikasiya windo lotsekula aiona a CD8, ikatseka aikayikira a NK.

Nanga anali kuti?

Tsopano tibwerere ku funso lija. Yankho loyamba ndi lakuti asilikali analipo, ndipo kwa anthu ambiri amapambana. HPV ndi kachirombo kofala kwambiri, kopatsirana pogonana, moti anthu ochuluka amakatenga nthawi ina pa moyo wawo. Mwa anthu pafupifupi 9 pa 10 alionse, thupi limakachotsa lokha pasanathe zaka ziwiri, mwini wake osadziwa n'komwe.

Koma HPV imadziwa kubisala. Imakhala m'khungu la pamwamba la khomo la chiberekero, silowa m'magazi, siphulitsa maselo, ndiye siutsa mapiri pachigwa. Mwa amayi ena imakhalitsa zaka. Mitundu yake ina, makamaka 16 ndi 18 imene imayambitsa pafupifupi 70 peresenti ya khansa imeneyi padziko lonse, imapanga mapuloteni othyola mabuleki a selo. Imodzi mwa iwo, E6, imawononga p53, puloteni imene imalamula selo lowonongeka kuti lidzigwetse. Pakapita zaka 10, 15 kapena 20, khansa imayamba. Si kuti munthuyo analakwa kanthu kapena analodzedwa. Harald zur Hausen wa ku Germany ndi amene anasonyeza kugwirizana kwa HPV ndi khansayi, ndipo analandira Nobel mu 2008.

Yankho lachiwiri likukhudza dziko lathu. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi HIV. Munthu akangotenga HIV, m'masabata oyambirira a CD8 amamenya nkhondo yaikulu n'kutsitsa kuchuluka kwa kachiromboko m'magazi. Koma sakamaliza. Kamasintha tizidutswa take pafupipafupi, kamagona phee m'maselo ena osaonetsa kanthu pawindo, ndipo kamapha a CD4. Chala chimodzi sichiswa nsabwe: a CD4 ndi amene amalimbikitsa a CD8 kuti achulukane, akhalitse ndi kukumbukira. Munthu wathanzi amakhala ndi a CD4 pakati pa 500 ndi 1,500 mu microlitre imodzi ya magazi. Akatsika kwambiri, a CD8 amatopa, ndipo mavairasi amene anali atapanikizidwa amadzuka. Bungwe la WHO limati mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chowirikiza ka 6 chodwala khansa ya khomo la chiberekero. Izi sizikutanthauza kuti aliyense wodwala khansayi ali ndi HIV, ayi ndithu. Ambiri alibe.

Khansa ya Kaposi, ija imatulutsa zigamba zakuda pakhungu ndi kutupitsa miyendo, imayenda njira yomweyi. Imayamba ndi vairasi ya HHV-8, imene Yuan Chang ndi Patrick Moore anaitulukira mu 1994, ndipo inachuluka kwambiri kuno Edzi itabwera. Palinso khansa ya Burkitt, yotupitsa nsagwada kapena mimba mwa ana, imene madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akuchiza kwa zaka zambiri. Imagwirizana ndi vairasi ya Epstein-Barr, yomwe pafupifupi tonse tili nayo ndipo a CD8 amailondera moyo wathu wonse. Malungo obwerezabwereza mwa mwana amafooketsa ulonda umenewo.

Ndisakunamizeni kuti asilikaliwa salakwitsa. Pa matenda a chiwindi a hepatitis B, kuwonongeka kwambiri kwa chiwindi kumachokera kwa asilikali amene akupha maselo ogwidwa. Pa shuga wa mtundu woyamba, amene kawirikawiri amayamba munthu akadali wamng'ono, amapha maselo abwinobwino opanga insulin. N'chifukwa chake thupi linawaikira mabuleki. Makhansa ena amaponda mabulekiwo dala, ndipo James Allison ndi Tasuku Honjo analandira Nobel mu 2018 chifukwa cha ntchito imene inabala mankhwala owamasula.

Mbali yathu

Mukamva otsatsa zakumwa "zokwezera chitetezo" m'minibasi ya ku Liwonde, kumbukirani zimene mwawerengazi. Palibe botolo limene lingaphunzitse msilikali nkhope ya HPV. Zothandizadi ndi izi.

Katemera wa HPV. Boma lathu lino la Zomba, pamodzi ndi Rumphi, ndi kumene anayamba kumuyesera mu 2013, ndipo mu Januwale 2019 anafika dziko lonse, kuyambira ndi atsikana a zaka 9. Katemerayu amapangitsa thupi kupanga ma antibody ogwira kachiromboko kasanalowe m'selo. Kakalowa kale, katemera sakachotsa. N'chifukwa chake amaperekedwa kwa atsikana aang'ono. Ngati mng'ono wanu kapena mlongo wanu sanabayitse, kambani ndi makolo, mufunse azaumoyo a m'dera lanu.

Kuyezetsa khomo la chiberekero. Zaka zambiri zija zimene HPV imatenga ndi mwayi wathu, chifukwa maselo amene ayamba kusintha amaoneka ndipo amachotsedwa asanasanduke khansa. Kumbutsani amayi, azakhali ndi achemwali anu aakulu. Ndikudziwa kuti si nkhani yophweka kuiyamba ndi kholo, koma mungathe kungowawerengera ndime ino.

Ma ARV. Chiyambire 2004 amaperekedwa ulere m'zipatala za boma. Sapha maselo odwala okha, koma amaletsa HIV kuberekana, a CD4 n'kuchulukanso, a CD8 n'kupezanso owathandiza. Mnzanu amene amamwa mankhwalawa tsiku lililonse akuchita chinthu chanzeru, ndipo si wosekedwa. Kugona m'neti nakonso kuli m'gulu lomweli.

Mtsikana uja ndamuonetsa zimenezi ndisanaziike pano. Anawerenga mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati kamng'ono kake ka Sitandade 4 kangabayitse chaka chino. Ndamuuza kuti akafunse kuchipatala Lolemba, ndipo mayi ake aang'ono tikuwafunira kuchira.

Inu nonse, ntchito yanu nayi. Choyamba, pogwiritsa ntchito t = x² ÷ 2D ndi D yomwe ija, pezani nthawi imene granzyme ingatenge kudutsa selo lotalika ma micrometre 10. Chachiwiri, ngati msilikali akugawikana pa maola 6 alionse m'malo mwa 8, adzakhala angati pakatha masiku 4? Chachitatu, fotokozani m'Chichewa, m'mizere isanu, chifukwa chake vairasi yotseka mawindo onse a MHC imadziika pa ngozi. A Fomu 3 anga mubwere nazo Lachitatu, ndipo musaiwale mayunitsi.